Mwini Wake wa Wailesi ya Kanema ya Dziko Ndani? Mbiri ya TVM ndi MBC

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu)

WOULUTSA: Pulogalamu ya lero ikufotokoza mbiri ya wailesi ya kanema ya dziko la Malawi, yomwe inayamba kuonetsa zithunzi pa 1 Epulo 1999 ndi dzina lakuti Television Malawi, kapena kuti TVM mwachidule, ndipo masiku ano ndi nthambi ya bungwe la Malawi Broadcasting Corporation, lomwe anthu amangolitchula kuti MBC. Nkhani yaikulu m'mbiri imeneyi ndi ya umwini, ndipo umwini wa nyumba youlutsira mawu ndi zithunzi sudziwika poona dzina lolembedwa pa zikalata zokha ayi, koma umaonekera pofufuza amene ali ndi mphamvu yosankha ndi kuchotsa akuluakulu oyendetsa nyumbayo, amene amatulutsa ndalama zolipirira antchito ndi kugulira zipangizo, komanso amene ali ndi nsanja zomwe zimafikitsa zithunzizo m'makomo mwa anthu. Malamulo a dziko lino amanena kuti MBC ndi ya anthu onse, koma mbiri yake ikuonetsa kuti mphamvu zimenezi zakhala m'manja mwa olamula boma kuyambira pachiyambi, ndipo kusintha kwa zipani sikunasinthe kwenikweni chikhalidwe chimenecho.

Kanema anabadwira m'dziko lomwe miyambo yake youlutsira mawu inali itakhazikika kale, choncho nkoyenera kuyambira pa wailesi ya mawu. M'zaka za m'ma 1940, anthu a ku Nyasaland omwe anali ndi mwayi wopeza wailesi ankamvera mapulogalamu ochokera ku Lusaka, kumene boma la atsamunda la Northern Rhodesia linakhazikitsa siteshoni yomwe pambuyo pake inatchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inapatsidwa ntchito youlutsira mawu kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo zawo, kuphatikizapo Chinyanja. M'chaka cha 1949 kunabwera kawailesi kotchipa koyendera batire, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, komwe chikuto chake chinali chooneka ngati sefuliya, ndipo kameneka ndi kamene kanafikitsa mawu a oulutsa ngati Alick Nkhata m'makomboni a ku migodi ndi m'midzi ya kutali. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, ntchito youlutsa mawu inadzaikidwa pansi pa bungwe la Federal Broadcasting Corporation mu 1958, ndipo anthu ambiri omwe ankadana ndi chitaganyacho anayamba kuiona wailesiyo ngati cholankhulira cha boma lomwe sankalifuna.

M'nyengo ya chitaganyayo ndi m'mene kanema anafika m'chigawo chino. Anayambira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, mu 1960, kenako ku Kitwe mu 1961, ndipo ankayendetsedwa ndi kampani yochita malonda ya Rhodesia Television, yomwe inkatsata mizinda imene munali azungu ambiri a ndalama ndi amalonda ofuna kutsatsa katundu wawo. Nyasaland, dziko lopanda migodi ikuluikulu ndiponso lokhala ndi azungu ochepa, analambalalidwa. Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, dziko la Zambia linalandira kanema ngati cholowa, pamene dziko la Malawi linangolandira wailesi ya mawu, yomwe mu 1964 inakhazikitsidwa mwalamulo kukhala MBC.

Kwa zaka 30 za ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, dziko la Malawi linalibe wailesi yakeyake ya kanema. Umphawi wa dziko ndi kusowa kwa magetsi m'madera ambiri ndi zifukwa zenizeni zomwe sizingakanidwe, ndipo dziko la Tanzania, pansi pa Mwalimu Julius Nyerere, nalonso linkaona kanema ngati chinthu cha anthu olemera chomwe boma losauka siliyenera kuyambira, kotero kuti kumtunda kwa dzikolo kunalibe kanema kufikira m'ma 1990 ngakhale kuti ku Zanzibar analiko kuyambira m'ma 1970. Koma umphawi wokha sukwanira kufotokoza nkhani ya ku Malawi. Boma la chipani chimodzi linkayang'anira mwamphamvu chilichonse chomwe anthu ankawerenga, kumva ndi kuona: lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lomwe linkayamba laona mabuku, nyimbo, masewero ndi mafilimu asanafike kwa anthu, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Boma lomwe linkayeza utali wa siketi silikanamasuka ndi bokosi loonetsa mavalidwe ndi makhalidwe a ku London kapena New York m'chipinda chochezera usiku uliwonse. Maganizo ofanana ndi amenewa ndiwo anachedwetsanso kanema ku South Africa, dziko lolemera kwambiri m'chigawo chino, kumene boma la tsankho linakana kanema kufikira Januwale 1976.

Pa nthawi yonseyi wailesi ya MBC inali yokhayo m'dziko, ndipo inazolowera kutsegula nkhani ndi zochita za mtsogoleri wa dziko, kuulutsa misonkhano yake kwa maola ambiri osadukiza, ndi kusatchula anthu omwe boma lawataya. Chaka cha 1968 chinaonetsa poyera yemwe anali ndi mawu omaliza, pamene msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress (MCP) unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo zogwiritsidwa ntchito m'dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi kufikira boma litasintha mu 1994. Nkosayenera kunena kuti wailesiyo inalibe zabwino, chifukwa masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga, mapulogalamu a ulimi ndi mauthenga a maliro zinalumikiza dziko lonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Komabe pamene maepiskopi a mpingo wa Katolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula boma mu Malichi 1992, anthu ofuna kudziwa zomwe zinkachitika m'dziko lawo lomwe ankatsegula BBC kapena wailesi ya ku Johannesburg yomwe inkaulutsa m'Chinyanja ndipo pambuyo pake inatchedwa Channel Africa. Miyambo imeneyi, yabwino ndi yoipa yomwe, ndi imene kanema anadzaipeza.

(Kanyimbo kopumulira)

WOULUTSA: Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinabweretsa ulamuliro wa zipani zambiri ndi malamulo aakulu atsopano a dziko, omwe ndime yake ya 35 imateteza ufulu wolankhula ndipo ndime ya 36 imateteza ufulu wa atolankhani. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la zofalitsa mauthenga lotchedwa Communications Act, lomwe linabala bungwe la MACRA loyang'anira ndi kupereka ziphaso kwa mawailesi ndi makampani a lamya, komanso linakonzanso MBC kuti ikhale wailesi yotumikira anthu onse. Pofuna kumvetsa tanthauzo la zimenezi, nkofunika kusiyanitsa mitundu ya nyumba zoulutsira mawu. Wailesi ya boma imayendetsedwa ngati nthambi ya unduna wa zofalitsa nkhani ndipo ntchito yake ndi kulengeza zomwe olamula akufuna kuti zimveke; wailesi yamalonda ndi ya munthu kapena kampani yomwe imapeza phindu pogulitsa nthawi kwa otsatsa malonda; pamene wailesi yotumikira anthu onse imalipiridwa ndi ndalama za nzika koma imayenera kuyendetsedwa ndi bodi yoima payokha, yomwe singalamulidwe ndi nduna kapena chipani pa nkhani ya zomwe ziulutsidwe. Lamulo la 1998 linaika MBC m'gulu lachitatuli, n'kuilamula kugwira ntchito mosakondera chipani chilichonse, koma lamulo lomwelo linasiya mphamvu yosankha mamembala a bodi m'manja mwa Pulezidenti wa dziko. Dzanja lina linapereka ufulu, dzanja lina n'kuusunga.

TVM inakhazikitsidwa payokha, kunja kwa MBC, ngati kampani yomwe mwini wake anali boma, ndipo nyumba yake yojambulira inali ku Kwacha mumzinda wa Blantyre, osati kutali ndi likulu la MBC ku Chichiri. Inatsegulidwa m'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Bakili Muluzi, kutatsala miyezi iwiri ndi theka kuti chisankho cha pa 15 Juni 1999 chichitike, ndipo wophunzira mbiri sangalephere kuona kuyandikana kwa masiku awiriwa. Poyamba inkaonetsa mapulogalamu kwa maola ochepa patsiku ndipo inkafika makamaka m'mizinda ikuluikulu, koma chidwi cha anthu chinali chachikulu. M'makomboni a Ndirande, Kawale ndi Chibavi, nyumba yomwe inali ndi kanema inkadziwika ndi nsungwi yaitali yomangiriridwa eriyo pamwamba pa denga, ndipo madzulo ana a m'nyumba zoyandikana ankadzaza pansi m'chipinda chochezera, ena n'kumasuzumira pa zenera, pamene mnyamata wa pakhomopo anali panja akuzunguza nsungwiyo kufikira a m'nyumba atakuwa kuti zithunzi zayera. Kwa nthawi yoyamba anthu anaona nkhope za oimba, aphungu ndi alaliki omwe kwa zaka zambiri ankangowadziwa mawu, ndipo sewero la Tikuferanji, lophunzitsa za Edzi, linakhala nkhani ya m'minibasi m'mawa mwake. Mmodzi mwa ochita seweroli, Michael Usi, yemwe anthu ankamudziwa ndi dzina lakuti Manganya, anadzakhala wachiwiri kwa Pulezidenti mu 2024, zomwe zikusonyeza kukula kwa mphamvu ya nkhope yozolowereka pa kanema, ndiponso chifukwa chake andale safuna kutalikirana ndi makamera.

Funso la umwini linabuka poyera mu Ogasiti 2003, pamene Nyumba ya Malamulo inagamula kuti TVM isiye kuonetsa pulogalamu ya Big Brother Africa, ponena kuti inkaononga makhalidwe. Aphungu anachita zimenezi ngati eni ake olamula wantchito wawo, koma bwalo lalikulu la milandu linathetsa chiletsocho pasanapite nthawi yaitali. Kaya pulogalamuyo inali yoyenera kapena ayi ndi nkhani ina. Chomwe mlanduwo unasonyeza n'chakuti panalibe mgwirizano womveka pakati pa nthambi za boma pa funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yosankha zomwe anthu aonere.

Mkangano waukulu kuposa umenewu unadza Pulezidenti Dr. Bingu wa Mutharika atatuluka m'chipani cha UDF mu Febuluwale 2005 n'kuyambitsa chipani cha DPP. Zotsatira zake zinali zakuti boma linali ndi aphungu ochepa pamene zipani zotsutsa zinali ndi aphungu ambiri, kotero kuti mphamvu ziwiri za umwini, yosankha akuluakulu ndi yotulutsa ndalama, zinagwera m'manja osiyana. Otsutsa ankadandaula kuti MBC ndi TVM zikuwanyoza ndi kuwamana mpata woyankha, ndipo ankatchula pulogalamu ya pa wailesi ya Makiyolobasi, yomwe inkaseka atsogoleri awo, ngati umboni. Pa bajeti ya 2007 aphungu anapatsa MBC K1 ndi TVM K1, ndalama yongosonyeza kuti mutuwo ulipo m'buku la bajeti. Chilangochi chinagwera antchito wamba, ojambula ndi amisiri omwe sanalembe pulogalamu yodandaulidwayo, ndipo sichinabale kusakondera komwe aphungu ankafuna, chifukwa nyumba youlutsira mawu yomwe yamanidwa ndalama ndi Nyumba ya Malamulo imatsamira kwambiri pa amalonda ndi pa chifundo cha olamula omwewo. Chipani cha DPP chitapambana ndi aphungu ambiri mu 2009, boma linaphatikiza mabungwe awiriwa, ndipo pofika 2011 dzina la TVM linali litazimiririka, kanemayo n'kumatchedwa MBC TV. Chifukwa chomwe chinaperekedwa chinali chochepetsa ndalama zoyendetsera mabungwe awiri ogwira ntchito zofanana, ndipo chifukwachi n'chomveka, koma kuphatikizako kunatanthauzanso kuti munthu mmodzi wosankhidwa amayang'anira mawu ndi zithunzi zomwe.

Masiku atatu a mu Epulo 2012 ndi amene amaphunzitsa bwino kuposa nyengo ina iliyonse. Pulezidenti Mutharika anamwalira pa 5 Epulo, ndipo pamene mawailesi akunja ndi mawailesi ena a m'dziko muno ankafalitsa za imfayo, wailesi ya dziko inali chete, kudikira mawu a boma. Usiku wa pa 6 Epulo gulu la nduna zisanu ndi imodzi linaonekera pa kanema wa MBC likunena kuti wachiwiri kwa Pulezidenti, Mayi Joyce Banda, sangalowe m'malo chifukwa anayambitsa chipani chawochawo cha PP. Imfayo inalengezedwa mwalamulo pa 7 Epulo, Mayi Banda analumbiritsidwa tsiku lomwelo, ndipo patangopita masiku ochepa nduna ya zofalitsa nkhani ndi mkulu wa MBC anachotsedwa. Kuchotsedwako kunasangalatsa ambiri, koma kunatsimikiziranso mfundo yomwe inabala vutolo, yakuti mpando wa mkulu wa wailesi ya dziko umagwedezeka pamodzi ndi mpando wa ku nyumba ya boma. Magulu oyang'anira zisankho ochokera ku European Union analemba m'malipoti awo a zisankho za 2004, 2009 ndi 2019 kuti wailesi ya dziko inakondera chipani cholamula, ndipo polingalira kuti zipani za UDF, DPP, PP ndi MCP zonse zakhalapo m'boma chiyambire kanemayu, n'zovuta kupeza chipani chomwe chinadandaula chili kotsutsa n'kudzachepetsa mphamvu zake pa MBC chitalowa m'boma. Zili ngati mjigo womwe mudzi wonse unasonkhera ndalama, koma kiyi wake amasunga ndi banja lomwe lili pa ufumu chaka chimenecho.

(Kanyimbo kopumulira)

WOULUTSA: Maiko ena ayesa njira zosiyanasiyana zotalikitsira wailesi ya dziko kwa olamula, ndipo palibe njira yomwe yakhala yopanda chilema. Ku Britain, BBC inakhala bungwe la anthu onse mu 1927 kudzera m'chikalata cha ufumu chomwe chimakonzedwanso pakapita zaka pafupifupi khumi, ndipo ndalama zake zambiri zimachokera ku chiphaso chomwe banja lililonse loonera kanema limalipira, kotero kuti siidikira bajeti ya chaka ndi chaka, ngakhale kuti boma ndi lomwe limavomereza mtengo wa chiphasocho. Dziko la Zambia, lomwe bungwe lake la ZNBC linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, linabweretsa msonkho wa kanema posintha lamulolo mu 2002. Ku South Africa mamembala a bodi ya SABC amafunsidwa mafunso poyera ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo asanasankhidwe, komabe mu 2016 akuluakulu a bungwelo analetsa kuonetsa zithunzi za zionetsero zoononga katundu chisankho cha makhansala chili pafupi, mpaka bungwe loyang'anira mawailesi la ICASA linagamula kuti chiletsocho chichotsedwe. Chofunika kuona pa nkhani ya ku South Africa n'chakuti panali bungwe lina loima palokha lomwe linatha kuimitsa cholakwikacho. Ku Malawi njira ya chiphaso cha banja lililonse ingakumane ndi vuto la chiwerengero, chifukwa kalembera wa 2018, yemwe anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, anasonyeza kuti mabanja pafupifupi 12 okha mwa 100 alionse ndiwo anali ndi kanema, pamene banja limodzi mwa atatu alionse linali ndi wailesi ya mawu. Motero MBC imadalira ndalama zovomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo ndi zochokera kwa otsatsa malonda, zomwe zikutanthauza kuti mlimi wa ku Nthalire kapena msodzi wa ku Makanjira, yemwe amalipira msonkho pogula sopo ndi mafuta ophikira, amathandiza kuyendetsa kanema yemwe mwina amangomuonera pa sitolo ya pamsika.

Kwa zaka zoposa khumi TVM inalibe wopikisana naye weniweni pa nkhani za m'dziko. Kanema wa Luntha, wa ansembe a Montfort ku Balaka, ankatsamira pa za chipembedzo ndi maphunziro, ndipo Joy TV, yogwirizana ndi Dr. Muluzi, inatsekedwa ndi MACRA mu 2007 pa nkhani ya chiphaso. Zinthu zinasintha kuyambira 2012 pamene ziphaso zambiri zinaperekedwa, ndipo m'zaka zotsatira kunabwera Times TV, Zodiak TV, Mibawa TV ndi ena, kotero kuti munthu wosakhutira ndi nkhani za MBC anapeza kolowera. Kusinthaku kunachitikira pamodzi ndi kusamuka kuchoka ku njira yakale youlutsira zithunzi yotchedwa analogi kupita ku njira ya dijito. M'njira yakale siteshoni iliyonse inkafunika mpata wakewake wa mumlengalenga ndi nsanja zakezake, pamene m'njira ya dijito zithunzi zimasandutsidwa manambala n'kupanikizidwa, kotero kuti masiteshoni ambiri amakwera pa mpata umodzi ndipo woonera amafunika kabokosi kotchedwa dikoda komasulira manambalawo. Pangano la maiko lomwe linachitikira ku Geneva mu 2006, pansi pa bungwe la International Telecommunication Union, linaika tsiku la 17 Juni 2015 kukhala malire a kusamukaku m'maiko a ku Africa ndi ku Ulaya.

Njira ya dijito inabala mtundu watsopano wa umwini womwe anthu ambiri saulingalira, popeza inasiyanitsa wopanga mapulogalamu ndi wonyamula mapulogalamuwo. Ku Malawi ntchito yonyamulayi inapatsidwa kwa kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, yomwe imadziwika ndi madikoda a Kiliye Kiliye, ndipo masiteshoni omwe akufuna kufika m'makomo kudzera pa nsanja za pansi amalipira kampaniyi kuti iwanyamule. Ku Zambia ntchito yomweyi inapita ku kampani ya TopStar, momwe kampani ya StarTimes ya ku China ili ndi magawo 60 mwa 100 ndipo ZNBC ili ndi magawo 40, dongosolo lomwe linadza ndi ngongole yochokera ku China ndipo linautsa mkangano pa funso lakuti nkoyenera kodi kuti njira yofikira m'makomo mwa nzika ikhale m'manja mwa kampani yakunja. Dziko la Malawi linasunga njirayi m'manja mwa boma, zomwe zimateteza ku vuto la ku Zambia koma zikutanthauza kuti ngakhale masiteshoni a anthu wamba, omwe amadzudzula boma, amadutsa pa nsanja za boma lomwelo, pokhapokha atakwera pa setilaiti ya makampani ngati MultiChoice kapena kuulutsira pa Facebook ndi YouTube, momwe Amalawi okhala ku Johannesburg, Harare ndi Manchester amatsatira nkhani za kwawo pa lamya za m'manja.

Lamulo la 1998 linalowedwa m'malo ndi lina la dzina lomwelo mu 2016, lomwe linabwerezanso kuti MBC ndi wailesi yotumikira anthu onse ndipo iyenera kupereka mpata ku maganizo osiyanasiyana. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo a boma ili ndi gawo lake pa mayina a mamembala a bodi, ndipo mabungwe a atolankhani monga MISA Malawi akhala akupempha kuti gawolo likule, kuti mayinawo azichokera kwa anthu ndi mabungwe osiyanasiyana ndi kuti ndalama za MBC zisamadalire kukondwa kwa olamula kapena kukwiya kwa aphungu. Pansi pa lamulo la 2016, wosankha mamembala a bodi ya MBC akadali Pulezidenti wa dziko.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)